Njinga ya malemu bambo: ndiikonze kapena ndiisiye?

Bambo a Tamanda:
Moni nonse a pagulu lino, ndine Phiri. Ndabwera ndi nkhani ya njinga, mundipirire italika pang'ono. Sabata yatha ndinali kumudzi kukawathandiza mayi kufolera nyumba mvula isanayambe. Tikutulutsa zinthu m'chigafa chakale cha fodya, ndinapeza njinga ya malemu bambo ili chipachikire pamtanda pomwe anaisiya. Chithunzi chake ndaika apa. Ndi Peugeot yoyera, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, magiya khumi, ndipo tizitsulo tosinthira magiya tili pa felemu penipeni, cha m'mawondomu. Kutsogolo kuli mkango ngati uja wa pa galimoto za 504. Bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 1986, ulendo wawo womaliza wa TEBA, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodi. Mwana sankaloledwa kuikhudza. Ankaikwera Lamlungu popita ku tchalitchi ndi tsiku lopita ku boma basi.

Yatha zaka zoposa 15 isakuyenda. Matayala anauma n'kung'aluka, tcheni chinagwirana ndi dzimbiri, chishalo anadya makoswe, zingwe za mabuleki zinaduka. Mayi ati nditenge ndine. Mng'ono wanga akuti tiiwotcherere kaliyala wamkulu ayambire kabaza, poti chaka chino fodya sanamuyendere. Ine ndikufuna ndiziyendera ku ntchito. Sukulu yomwe ndimaphunzitsa ili pa mtunda wa makilomita 14, msewu wake ndi wa tala kupatula kachigawo komalizira, ndipo thiransipoti ikundidyera malipiro. Ndasunga K150,000. Kodi ndiithire m'njinga imeneyi, kapena ndiwonjezere ndigule ya kaunjika ya ku Japan, iyi ikhale chikumbutso chabe? Ndipo ngati n'kukonza, ndibwezeretse mmene inalili kapena ndiike zipangizo zamakono?

Kabaza Chinkhoma:
Aphunzitsi, za kabazazo muuzeni mng'ono wanu asayerekeze n'komwe. Ine chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi ndili pa siteji. Ife pa Phoenix kapena Hero timachita kuchotsa masipoko onse kuika onenepa, kaliyala kumuwonjezera zitsulo, komabe limu yakumbuyo imapindika miyezi ingapo. Ndiye iyoyo ya matayala ngati chala? Mayi mmodzi ndi thumba la chimanga, simufika nayo ku Santhe. Komanso wakabaza amafunika akhale chowongoka aziona kutsogolo ndi m'mbali, osati chowerama.

Nabanda:
Pepani a Phiri, ndinaona chithunzicho misozi inalengeza. Malume anga anali ndi yofanana ndi imeneyo, yobiriwira.

Mwale Wanjinga:
Aphunzitsi, musagule kanthu kalikonse, ngakhale bawuti imodzi, musanaione felemu. Njinga ndi felemu, zina zonsezi ndi zovala. Ndalama zambiri zimathera pa anthu ogula matayala ndi tcheni, kenaka n'kuzindikira kuti akuveka mtembo.

Chitani izi nokha kunyumba. Itsukeni kaye ndi sopo kuti muone chitsulo. Pitirizani chala pansi pa mapaipi awiri aja ochokera kukhosi, pafupi ndi pamene alumikizana ndi khosilo. Mukamva kakhwinya kapena kutupa, kapena penti yang'aluka mozungulira pamenepo, dziwani kuti inagundapo chinthu kutsogolo ndipo inapindika. Imani chapambali muone foloko: kumtunda kwake kuyenera kutsata mzere wa khosi, isaoneke ngati yabwerera m'mbuyo. Kenaka tengani ulusi, mumange pamene pamalowa tayala lakumbuyo mbali imodzi, muuzungulitse kukhosi, mudzamange mbali inayo. Yezani kuchoka pa ulusi kufika pa paipi ya chishalo, uku ndi uku. Zikafanana, kapena kusiyana milimita imodzi kapena ziwiri, felemu ndi yowongoka.

Dzimbiri la pamwamba lisakuopseni, limachoka ndi sandipepa. Loopsa ndi la m'kati, makamaka pansi pa tipaipi tiwiri topita ku tayala lakumbuyo ndi pansi pamene pamazungulira mapedulo, chifukwa madzi amatsikira pamenepo. Gogodani ndi sipanala pang'onopang'ono, mubaye ndi msomali pamene pakuoneka pakuda. Pakalowa, basi, ipachikeni pakhoma.

Chomaliza, imirirani njingayo ili pakati pa miyendo. Paipi yapamwamba ikamakugundani, ndi yaikulu kwa inu ndipo palibe makaniko angaichepetse.

Bambo a Tamanda:
Zikomo a Mwale. Msinkhu ndinatengera bambo, moti jekete lawo ndimavala. Zinazo ndiyesa madzulo ndikaweruka.

Mbewe LL:
Akulu, ine ndimapalasa kuno ku Lilongwe Loweruka lililonse ndi anzanga, ndipo felemu zachitsulo zakale ngati imeneyo timazilemekeza. Pa msewu wa mabampu zimafewa kusiyana ndi za aluminiyamu. Maganizo anga ndi akuti ngati felemu ili bwino, musataye ndalama kutsitsimutsa zakale. Chotsani zonse. Ikani mawilo a saizi ya 700C, chifukwa matayala a saizi yake ya 27 akusowa. Kumbuyo muike magiya 8, zosinthira zikhale pa mahandulo pomwepo pamodzi ndi mabuleki, kuti musamachotse dzanja pofuna kusintha. Mabuleki akalewo nawonso achoke. Ikhala njinga ina, simuikhulupirira.

Mwale Wanjinga:
A Mbewe, zimene mukunenazo zimatheka, koma tiwawerengere aphunzitsi zonse asanavomere. Njinga ya magiya asanu kumbuyo mpata wake pakati pa tizitsulo togwira wilo ndi mamilimita 120. Wilo la magiya 8 limafuna 130. Ndiye kuti tikanule felemu, ndipo tikanule mofanana mbali zonse, apo ayi njinga iziyenda chankhanu. Chitsulo chimalola, koma ndi ntchito yofuna wodziwa. Kachiwiri, limu ya 27 ndi mamilimita 630, ya 700C ndi 622. Ndiye kuti timphira ta mabuleki titsike mamilimita anayi. Pa njinga zina timatsika, pa zina timathera m'njira n'kumakhudza tayala. Mabuleki amakono omwe mukunenawo ambiri ndi afupi manja, safika. Mukaphatikiza mawilo awiri, magiya, tcheni, zosinthira za pa mahandulo zija, K150,000 yatha kalekale tisanagule tayala.

Ndiponso zosinthira zimenezo m'kati mwake muli timano ting'onoting'ono. Fumbi la kuno mu Okutobala mukulidziwa. Zikafa, pa msika wa Kasungu palibe angazitsegule. Tizitsulo ta pa felemu tija mulibe kanthu m'kati, n'kukoka chingwe basi, ndipo timagwira ndi chosinthira cha mtundu uliwonse.

Mbewe LL:
Za mtengo ndavomera. Koma matayala a 27 awapeza kuti? Ine ndinayendayenda ku Area 2 kufunira mnzanga, ndinabwerako chimanjamanja.

Zimba Mchinji:
Pa matayala pomwepo ndichenjeze. Ine ndinapsa. Ndinali ndi njinga ya mtundu womwewo, ndinauza wogulitsa kuti ndikufuna tayala lalikulu, anandipatsa 28 x 1 1/2, lija la njinga zathu zakumudzi, n'kunena kuti likwana. Kufika kunyumba linangolowa lokha ngati chipewa cha wina, kupopa chubu chinatulukira pambali n'kuphulika. Kubweza anakana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti limenelo ndi 635. Ndiye pali 622, 630 ndi 635, pamaso zonse zofanana. Choipa china, matayala ena a 700C amalembedwanso 28. Musamvere zonena, werengani manambala m'mbali mwa tayala, pamakhala polembedwa ngati 32-630. Nambala yachiwiriyo ndiye mwini nkhani. Ngati zavuta ndiuzeni, ndimadutsa pa Mwami kupita ku Chipata kawirikawiri. Kumeneko njinga amazidziwa, paja Eagle ankapangira komweko.

Mayi Nangozo:
Ndikuwerenga ndili pa khonde, ndiye ndadzuka kukaona njinga ya mwana wanga, ija ya ku Japan ya basiketi kutsogolo. Palembedwa 27 x 1 3/8, pambali pake 37-630. Kodi si 630 yomweyo mukunenayi? Chifukwa matayala ake sitivutika nawo, tinagula konkuno mwezi wa Juni.

Mwale Wanjinga:
Mayi Nangozo mwaitha nkhani. Ndi yomweyo. Njinga za ku Japan zazikulu zija zimavala 27 x 1 3/8, limu yake ndi 630 ngati ya Peugeot ya aphunzitsi. Kusiyana n'kunenepa kokha: lakale lija la 1 1/4 ndi mamilimita 32, ili ndi 37. Njinga za nthawi imeneyo ankazisiyira mpata wokwanira, ndiye nthawi zambiri limalowa, bola tiyese pa foloko ndi kumbuyo tisanalipire. Ndipo kwa munthu amene ali ndi kachigawo ka fumbi pa ulendo wake, lonenepalo ndiye labwino kuposa loyamba lija. Chenjerani chabe, za ku Japan zing'onozing'ono zimavala 26 x 1 3/8, imeneyo ndi 590, musasokoneze.

Mbewe LL:
Ayi apa ndaphunzira. Ine ndinkafunsa 27 x 1 1/4 yokhayokha, za ku Japan sindinaziganizire.

Madala a ku Chulu:
Mwana wanga Phiri, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, maso anafooka. Bambo ako sindinawadziwe koma njira yawo ndinaiyenda. Inenso ndinapita pa TEBA, ndinabwerako asanatseke mu 1988. Munthu ukamatsika pansi pa mgodi m'mamawa kuli mdima, kutuluka kulinso mdima, chimene chinkakulimbitsa mtima ndi katundu amene udzafike naye kwanu. Wina wailesi, wina makina osokera, wina suti ndi mabulangete. Ogula njinga ambiri tinkagula zolimba zonyamulira. Munthu wogula ya mpikisano ngati imeneyo anali woti waikonda ndi mtima wake, sanagulire ntchito. Bambo ako anaiona pa sitolo miyezi yambiri asanaigule, ndikukuuza ine.

Yanga inali Raleigh. Nditakalamba ndinampatsa mphwanga. Anapita nayo kwa owotcherera ndi magetsi kuti aike kaliyala, moto unaboola paipi, anamata, inadzathyokera pomwepo ali pa liwiro ndipo anachoka mano awiri. Lero ndilibe ngakhale belu lake. Usalole moto wa magetsi pa njinga imeneyo. Pentinso usafute. Zikande zimenezo ndi za bambo ako.

Mwale Wanjinga:
Madala anena zoona, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Muone polumikizira mapaipi a njinga imeneyo, pali ngati timakapu tomwe mapaipi analowamo. Sanawotcherere ngati mawindo ayi, anathiramo mkuwa wosungunula ndi gasi. Mapaipiwo ndi opyapyala, khungu lake milimita imodzi kapena kucheperapo. Ndodo ya magetsi ikangokhudza, bowo. Ngati pena pafunika kulumikiza, apite kwa wa gasi ndi mkuwa, yemwe amakonza maladiyeta.

Bambo a Tamanda:
Agogo, mawu anu ndawawerenga kawiri. Mayi anandiuzapo kuti atafika nayo, agogo anga aamuna anakalipa kuti bwanji osagula ng'ombe. Penti sindifuta.

Nabanda:
Ine ndilankhuleko za mng'ono wanuyo, chifukwa tonse tathamangira ku zitsulo. Iye sanapemphe njingayo chifukwa chosalemekeza bambo. Wapempha chifukwa kunyumba kwake kwavuta. Bambowo anali a nonse. Mukangomuuza kuti a pagulu akana, n'kumakuonani mukudutsa nayo yonyezimira, chilonda chimenecho chidzatuluka tsiku lina pa maliro kapena pa nkhani ya munda. Khalani pansi atatu ndi mayi. Ngati kukonza kutsike mtengo monga akunenera a Mwale, yotsalayo muwonjezere pa njinga yake yoyenera kabaza. Ngakhale theka, iye akasakesake linalo.

Kabaza Chinkhoma:
Asisi anena zenizeni. Yogwiritsidwapo kale ntchito yolimba imapezeka, makamaka miyezi ino anyamata ambiri akuthamangira njinga zamoto. Akafuna ndimuperekeza posankha, chifukwa pali ena amangopaka penti pa felemu yothyoka. Chikomekome cha mkuyu.

Mayi Nangozo:
Ife ku zaumoyo timayendera Buffalo. Ndi yolemera, pa chitunda umatsika, koma kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100. Ya katundu ndi imeneyo. Njinga iliyonse ili ndi ntchito yake.

Mnyamata wa ku Wimbe:
Ngakhale felemu itapezeka yakufa musataye aphunzitsi. Kwathu kuno William Kamkwamba anapangira makina a mphepo opangira magetsi ndi njinga yakufa ya bambo ake ndi dayinamo. Njinga siifa yonse.

Bambo a Tamanda:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndayesa zonse dzulo mpaka ndi tochi. Pansi pa mapaipi ndi posalala, palibe khwinya. Foloko ili bwino. Ulusi wasiyana milimita imodzi yokha. Msomali sunalowe paliponse, dzimbiri lambiri lili pa malimu ndi pa tcheni. Ndikuganiza kuti chinaipulumutsa n'chakuti inali m'mwamba, sinakhudze dothi, ndipo chigafacho mbali imeneyo sichinkadontha. Pa tayala lakale pakuwerengeka 27 x 1 1/4.

Mavuto ndapeza atatu. Chitsulo cha chishalo chakaniratu, ndamasula bawuti koma sichikutembenuka. Chosinthira magiya chakumbuyo chalembedwa Simplex, mbali ina ndi ya pulasitiki wakuda ndipo ndi yosweka. Mapedulo akugwedera pakati. Ndinafuna kumasula ndi sipanala koma ndinaleka.

Mwale Wanjinga:
Mwachita bwino kuleka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa Peugeot zambiri zimafera pamenepa m'manja mwa amakaniko.

Njinga zachifalansa zakale mazinga ake ndi osiyana ndi a njinga zomwe tinazolowera. Pa Phoenix, Hero ndi za ku Japan, kapu ya pakati pamene pamazungulira mapedulo, ya mbali ya tcheni, ili ndi mazinga obwerera, imamasuka potembenuzira kumanja. Pa yachifalansa yeniyeni makapu onse awiri amamasuka potembenuzira kumanzere, ngati bawuti wamba. Ndiye makaniko wosadziwa amaikokera kumene anazolowera, ikakana amatenga paipi kuwonjezera sipanala, ikakanabe hamala. Akatero waimanga m'malo momasula, mazinga atha. Wina amagula kapu yatsopano pa msika n'kuikakamiza, imalowa mizere iwiri n'kudya mazinga a felemu. Poti yanuyi inagulidwa ku South Africa, tiyenera kuyeza kaye kuti ili ndi mazinga ati, tisangoganiza. Onani pa mapedulo pamene pamagwira sipanala. Pakalembedwa D ndi G, kawirikawiri ndiye kuti ndi zachifalansa. Pakalembedwa R ndi L, mwina ndi zathu zomwezi.

Nzeru yake ndi yakuti makapu akalewo tisawataye. Kapu ya mbali ya tcheni sitiichotsa n'komwe, timatsukira pomwepo. Timasula ya kumanzere yokha, kutulutsa chitsulo chapakati, kutsuka ndi palafini, kuika mabolo atsopano ndi girisi. Mabolo ake ndi a kota inchi, 11 mbali iliyonse, omwewa tili nawo pa msika. Kugwederako nthawi zambiri ndi girisi amene anauma ndi kapu imene inamasuka, kapenanso kotapini ngati ili ya makotapini. Chimodzimodzi mahabu ndi khosi: kutsegula, kutsuka, mabolo, girisi. Fuliwilo, ija ya magiya akumbuyo, nayonso tisaichotse ngati mano ake sanathe. Tiiviike m'palafini, tithire oyilo mpaka iyambe kulira bwino. Njinga imene inkayenda Lamlungu lokha mano ake sangakhale atatha.

Simplex wosweka uja ndi matenda odziwika, pulasitiki wake akakalamba amang'aluka. Ameneyo tisintha, tiika Shimano wamba wa pa njinga za mauntenibaiki, wokhala ndi kambedza kogwira pa nati ya wilo. Agwira bwino kuposa wakaleyo. Koma wakaleyo mumusunge m'kachitini. Tcheni mugule chopyapyala cha njinga za magiya, cha 3/32. Cha Phoenix ndi 1/8, n'chonenepa, chimakakamira pakati pa mano.

Kabaza Chinkhoma:
Za chishalocho thirani dizilo, mawa chimasuka.

Mwale Wanjinga:
Dizilo kapena palafini wosakaniza ndi oyilo, inde, koma mawa ayi. Zaka 15 sizimasuka usiku umodzi. Ngati chitsulocho n'cha aluminiyamu, chimachita kumerana ndi chitsulo cha felemu. Tikatsegula pakati paja, muigoneke chadodolido, matayala m'mwamba, tithire mafuta kuchokera m'kati atsikire okha. Tsiku lililonse muzigwira chishalo chakalecho n'kupotoza pang'ono uku ndi uku. Osamenya ndi hamala kuchokera pamwamba, mukuchilowetsa. Osaika moto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso yesani kaye kukhalapo: chidendene chili pa pedulo yapansi, mwendo uwongoke. Poti msinkhu ndi wa bambo, mwina chili kale pamalo pake.

Mbewe LL:
Chabwino, za magiya 8 ndasiya. Kasungu ndi wathyathyathya, magiya khumi akwana, mdani wanu ndi mwera wa mu Juni basi. Koma pa chinthu chimodzi sindigonja. Malimu amenewo ngati ndi achitsulo chonyezimira, mvula ikagwa mabuleki sagwira. Umakoka, njinga imangopitirira mpaka limu iume. Inu mukhala mukuyenda pa M1 m'mamawa nthawi ya dzinja, kenaka msika wa fodya ukatsegulidwa mukhala mukupanikizana ndi malole opita ku Chinkhoma. Apa si nkhani ya kukongola. Ikani malimu a aluminiyamu. Ndiponso nyali yofiira kumbuyo, yoyera kutsogolo, ndi kajekete konyezimira.

Mwale Wanjinga:
Apa a Mbewe tili limodzi. Ikani maginito pa limu, akamata ndi chitsulo. Njira yotsika mtengo ndi kupeza limu ya aluminiyamu ya 27 yochokera pa njinga ya ku Japan yakufa, yowongoka, n'kuilukira pa habu yakale. Tiwerenge mabowo kaye, zambiri ndi 36 zonse. Masipoko mwina afunika ena chifukwa kuya kwa malimu kumasiyana. Ngati ndalama sikwana onse awiri, yambani ndi kutsogolo, chifukwa buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwenikweni. Mabuleki enieniwo asiyeni, ngati alembedwa Mafac ndi abwino kwambiri. Timphira tokha ndi timene tinauma ngati mwala, ndi zingwe zonse zinayi pamodzi ndi makhungu ake.

Nabanda:
Madigadi musaiwale aphunzitsi, mungamafike m'kalasi ndi mzere wa matope kumsana. Nanga makope a ana muzinyamulira pati?

Mwale Wanjinga:
Pafupi ndi nati ya wilo lakumbuyo pamakhala timabowo. Pamenepo timanga madigadi ndi kakaliyala kopepuka ka mabawuti, kokwana chikwama cha mabuku. Popanda moto. Koma munthu asakwerepo, ngakhale Tamanda.

Bambo a Tamanda:
Ndayang'ana, pa mapedulo palembedwa D ndi G. Pa mabuleki palembedwadi Mafac Racer. Maginito a pa sipika yakale amata pa malimu onse awiri. Ndalankhula ndi mayi pa foni, ati Loweruka tikumane ndi mng'ono wanga. A Mwale, ndibwera nayo Lolemba ndikaweruka, ndipo ndikufuna ndikhalepo pamene mukutsegula kuti ndiphunzire.

Mwale Wanjinga:
Bwerani. Mutenge kachitini ka zotsalira ndi nsanza zambiri.

Bambo a Tamanda:
Abale, patha masabata atatu, ndabwera kudzapereka lipoti. Mazinga anapezekadi achifalansa. A Mwale anatsegula kumanzere kokha monga ananenera, girisi anali atauma ngati phula koma makapu osakumbika ngakhale pang'ono. Chitsulo cha chishalo chinamasuka tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikupotoza m'mamawa ndisanasambe chinangolira kuti kwee. Nditachitsuka ndinapeza kamzere kokandidwa ndi mpeni pamene bambo ankalekezera. Nditayeza ndi chidendene, ndabwezera pa kamzere komweko.

Matayala a 27 x 1 3/8 alowa, kumbuyo kwatsala mpata wokwana chala chaching'ono mbali zonse, moti madigadi anavuta pang'ono koma akhala. Limu ya aluminiyamu tapeza imodzi, ili kutsogolo. Yakumbuyo tayipala dzimbiri, idikire mwezi wa mawa. Penti ndangotsuka, pokandika ndapakapo vanishi kuti dzimbiri lisapitirire. Pa mahandulo ndakulunga nsalu yakuda.

Ndalama yatsalako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tinakhala pansi ndi mayi, ndinampatsa mng'ono wanga, iye anagulitsa mbuzi imodzi, ndipo achimwene a pa Chinkhoma anamuperekezadi kukasankha Hero. Wayamba Lachiwiri lapitali. Belu la pa Peugeot ndampatsa iye, ali nalo pa njinga yakeyo.

Ku sukulu ndikutenga mphindi 40 osathamanga. Masiku awiri oyamba khosi ndi manja zinawawa, pano ndazolowera kugwira pamwamba, pansi ndimagwira mphepo ikamawomba kutsogolo. Vuto latsala limodzi. Ndikaika giya yaikulu kumbuyo, ija yopepuka, tcheni chikumadumpha n'kugwera ku masipoko. Dzulo chachita kawiri pa kachitunda ka pafupi ndi sukulu.

Madala a ku Chulu:
Mdzukulu wandionetsa chithunzi. Ukadzadutsa cha kuno udzaime ndidzaigwireko.

Mwale Wanjinga:
Aphunzitsi, giya imeneyo musaikenso mpaka mukonze, tcheni chikalowa m'masipoko muli pa liwiro chithyola chosinthira ndi wilo lomwe. Pa Shimano uja pali tizisikuluwu tiwiri toyandikana, pena palembedwa H pena L. Gwirani ka L. Kamangeni kumanja theka la kuzungulira, nyamulani tayala lakumbuyo, zungulitsani pedulo ndi dzanja mukukoka kachitsulo mpaka kumapeto. Chikadumphabe onjezani pang'ono. Chikakana kukwera pa giya yaikuluyo ndiye kuti mwapyoza, bwezani kota. Ka H musakakhudze. Muonenso nati ya wilo ngati sinamasuke, chifukwa kambedza kaja kamapendekeka nati ikalekerera. Zikakanika mudutse pano mawa, masipoko a kutsogolo aja akufunikanso kukungidwa kachiwiri poti ayenda sabata.

Bambo a Tamanda:
Ndamanga ka L theka ndi kota. Chakwera bwinobwino ndipo sichikudumpha. Mawa ndidutsa cha m'ma 4 koloko za masipokozo.